Manati Owotcherera pa Ulendo wa ku Nkhoma

Moni kwa inu nonse amene mwatsegula tsamba ili, kaya mwakhala pakhonde, kaya mukudikira pamzere wa kuchigayo. Tiyambe ndi kuyamika Mwini moyo, amene watidzutsanso lero, osati chifukwa ndife olungama, koma chifukwa chifundo chake sichitopa monga titopera ife. Tsono imvani za banja lina limene linanyamuka ku Mitundu m'mawa wina wa mwezi wa Okutobala.

Esau anakwera pa sipanala ndi mapazi onse awiri, nagwira m'mphepete mwa pikapu yake, nadzigwedeza. Chitsulo chinalira, koma nati sinasunthe. Anatsika, napukuta thukuta ndi mkono wa malaya ake a kutchalitchi, nayesa nati ina. Nayonso inakana.

Tayala lakumbuyo linali litang'ambidwa ndi chitsa chobisika m'fumbi. Malata a pa Nathenje ankaoneka chapatali, akunyezimira ndi dzuwa. Pampando wakutsogolo panakhala mayi ake a Esau, aNambewe, atamanga mpango woyera kumutu, manja ali pa kachikwama. Maso awo onse awiri anali atachita ng'ala. Limenelo linali tsiku limene achipatala ku Nkhoma anawauza kuti afike dzuwa lisanapendeke, agone komweko, kuti mawa lake awapale maso.

Kuti avomere ulendowu, Esau anawanyengerera kuyambira nthawi yokolola. Ankaopa. Wina anali atawauza kuti kuchipatala diso amalizula n'kuliika m'mbale, alitsuke, kenaka alibwezere. Atavomera koyamba, ulendo unalephereka chifukwa Pitala, mlamu wake wa Esau, anatenga galimoto kukatuta njerwa. Tsiku limenelo aNambewe anati, "Ndivomeranso kamodzi kokha. Zikakanika apo, ndiye kuti atseka ndi Ambuye, ndipo munthu asadzandivutitsenso."

Esau anagwada, natola kamtengo, nayamba kukanda matope ouma amene anaphimba manati. Pansi pa matopewo panatuluka timibulu ta chitsulo chosungunuka. Nati iliyonse inali itawotchereredwa ku sitadi yake, kabawuti kaja kotuluka m'galimoto kamene tayala limakolowekapo.

"Mayi a Memory, tabwerani muone," anaitana mkazi wake.

Martina anali kumbuyo, akukonzanso nkhuni, ufa ndi mapoto zimene anatenga kuti azikaphikira wodwala kuchipatala. Anatsika, nawerama, nayang'ana.

"Komatu achimwene anati zikhala zolimba kuposa kale," anatero msanga.

Esau anamuyang'ana. Iye anali asanatchule dzina la munthu.

"Ndiye mumadziwa."

"Anati atabwera ku njerwa kuja manati ankangozungulira osagwira. Anati ndisakuuzeni, muli ndi zambiri m'mutu."

"Zoona. Ndili ndi zambiri."

Esau anali mkamwini. Ankakhala pamudzi wa kwa mkazi wake, ndipo munda umene ankalima unali wa kuchikazi. Pikapuyo anagula yekha ndi thukuta la fodya, koma pamudzipo inali ngati mtondo wa pabwalo: aliyense wofuna kusinja ankangotenga. Ataonjezera kubweretsa mayi ake osaona kudzakhala naye, pakamwa pake panalemera kwambiri. Munthu wodyetsa mlendo m'nkhokwe ya eni sakana makiyi.

Anaponya sipanala kumbuyo, naliza galimoto, nayamba kuyenda pang'onopang'ono ndi tayala lophwa lomwelo.

"Chikugunda pansipo n'chiyani?" anafunsa aNambewe.

"Tayala, amayi. Tikonza pa Nathenje pomwepa."

"Pa Nathenje," anabwereza mawuwo. "Ndiye kwathu ndi pafupi."

Esau anangoyang'ana msewu. Mudzi umene anabadwira unalidi kuseri kwa msika, ndipo ankadziwa chimene mayi ake ankatanthauza.

Galaja ya Jeremiya inali pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa mashopu. Panalibe khoma kapena chitseko, koma nthaka yakuda ndi oyilo, injini zakufa ndi benchi limodzi. Jeremiya anakulira mudzi umodzi ndi Esau, ndipo ankayimba naye kwaya ali anyamata. Anapatsa moni aNambewe atagwira chipewa m'manja, nawakhazika pabenchi pamthunzi, kenaka anagwada pa tayala. Analiyang'ana nthawi yaitali, nayamba kuseka chapansipansi.

"Amene anamanga ukwati uwu ndi mbusa weniweni. Sanasiye mpata wa chisudzulo."

"Jere, nthawi ilibe chisoni. Dula ndi makina, tizipita."

"Makina alipo, koma magetsi anathima mbandakucha. Lero ndi tchizulo ndi hamala, monga ankachitira makolo." Anapukusa phewa lake lamanja. "Ndipo phewa ili linatha ntchito chaka chatha. Ine ndigwira tchizulo, iwe uzimenya. Ukandiphwanya chala, ukalera ana anga."

Esau anavula malaya a kutchalitchi, nawapereka kwa Martina, natsala ndi vesiti. Anakweza hamala.

Kudula nati yowotcherera si ntchito ya munthu wofulumira. Tchizulo imaterereka, chitsulo chimangolowa pang'ono ngati chikhadabo pa sopo wouma. Umamenya mpaka manja achite dzanzi, ukayang'ana, kamzere kokha. Nati yoyamba inang'aluka dzuwa litayamba kuluma m'khosi. Yachiwiri inatenga khungu la chala cha Esau. Panatsala zinayi.

"Esau ndi kholo losaona," anatero Jeremiya akupumira. "Nkhani imeneyi tinaimva ku Sande sukulu. Uzisamala, wina angakulande madalitso uli kutchire."

"Alande chiyani?" anayankha aNambewe kuchokera pabenchi. "Madalitso a uyu anatha kalekale ndi abwereki."

Jeremiya anaseka mpaka kutsokomola. Martina anayang'ana pansi.

Ali pa nati yachinayi, foni inalira m'thumba la malaya. Martina anaipereka. Anali Pitala. Foni ya Esau inali yolankhula mokweza chifukwa inagwapo m'madzi, choncho onse a pansi pa mango anamva.

"Alamu, mwafika? Ndimati mawa mukabwerako ndidzatengeko galimoto, pali mchenga pang'ono ku dambo."

"Sitinafike, alamu. Tili pa Nathenje. Tayala laphulika, ndipo likukana kuchoka. Manati ndi owotcherera."

"Aa, amene aja? Ndinakuthandizanitu pamenepo. Mukanataya tayala m'msewu. Munthu akakumangira mtolo umathokoza, sufunsa kuti luzi walitenga kuti."

"Amayi akuyenera kufika ku Nkhoma lero."

"Adzapita tsiku lina, chipatala sichisamuka. Koma mawu anuwo akumveka olemera, alamu. Paja akulu anati mkamwini asamakule mwendo." Anaseka, nadula foni.

Esau anaika foni pa boneti, natola hamala. Anamenya nati yachinayi mwamphamvu moti Jeremiya anachotsa dzanja.

"Pang'onopang'ono, mbale wanga. Iyi ndi nati, si mlamu wako."

Dzuwa linali pamutu pamene nati yomaliza inagwa m'fumbi. Anakweza galimoto ndi jeki, nagwedeza tayala mpaka linatuluka. Jeremiya anapukuta masitadi ndi kansanza, nawayendetsa chala imodziimodzi. Mazinga ake, timizere tija timene nati imayendamo, anali atafafanizika ngati chitsononkho chokukutidwa ndi mbewa. Masitadi awiri anali opindika. Imodzi inali ndi mng'alu patsinde.

"Njerwa izi," anatero Jeremiya. "Anapakira mopitirira, manati anamasuka, tayala linayamba kuvina. Ndiye m'malo moti asinthe, anamanga ndi paipi yaitali mpaka mazinga anadyeka. Zitakanika, anathamangira kwa wowotcherera mageti."

Anakhuthula chitini cha mabawuti akale pa chiguduli, nayamba kusankha. Ena anali aafupi, ena onenepa, ena a mathirakitala. Palibe imene inagwirizana.

"Zimenezi ndi za m'tauni. Ndipo osatuma pa foni, adzakutumizira zina. Munthu apite yekha ku Lilongwe ndi sitadi yakale m'thumba, akayerekeze ndi maso."

"Kupita ndi kubwera, dzuwa lalowa."

"Lalowa."

"Nanga galimotoyi ndikaisiya pano, ndidzaitenge mkucha?"

"Galimoto yogona pa jeki pamalo pano imadzuka yopepuka. Batire, matayala enawo, ufa wanuwo. Ine ndimagona kumudzi, sindilondera."

ANambewe anakonza mpango wawo, nagwira kachikwama.

"Esau, mwana wanga, wavutika mokwanira. Ndakumva kupuma kwako. Ndipezere wanjinga andisiye kunyumba kwanga. Ndinanena kuti kamodzi, ndipo kamodziko ndi aka. Zaka zimene zatsala ndi zochepa, ndiziyenda ndi ndodo."

Nthawi yomweyo wailesi ya m'shopu ina inayamba kuimba yokha, ndipo chigayo cha kuseri chinabangula. Magetsi anali atayaka.

Jeremiya anayang'ana makina ake owotcherera amene anali pansi pa pepala lakuda. Anayang'ananso Esau. Anakanda m'mutu.

"Pali njira ina, koma sindiikonda. Tikoloweke tayala la sipeya, tipeze manati akale m'chitinimu, tiwotchererenso. Madzi a tiyi asanawire, muli pamsewu."

"Ifika?"

"Ambiri amafika. Koma sitadi iyi ndi yong'aluka, ndipo moto wachiwiri umaphikiratu chitsulo. Ukapatuka pa Kamphata uja pali zitunda ndi makona. Ine sindilumbira."

Esau anakhala pa tayala long'ambika lija. Magazi a pa chala chake anali atauma pamodzi ndi oyilo. Anayang'ana mayi ake, amene nkhope yawo inaloza kumene kunalibe munthu. Anaganiza za miyezi yonse ija yowanyengerera, za mapemphero a m'mawa, za mmene ankapapasira khoma pofuna chitseko. Mtima wa munthu wotopa umavomera chimene ukanakana utapuma.

"Wotcherera," anatero.

Jeremiya anavundukula makina, nayamba kutambasula nthambo.

"Ayi."

Anali Martina. Sanakweze mawu, koma anaima pakati pa makina ndi galimoto, malaya a mwamuna wake ali pamkono.

"Bambo a Memory, moto umenewu usayakenso pa galimoto ino. Ulendo uja ndinakhala chete poopa achimwene, ndipo taonani pamene tili. Mukufuna tikagubuduke ndi amayi kuphiri, anthu adzati chiyani? Adzati mpongozi anadziwa kawiri konse."

"Nanga nditani? Mwamva okha zimene anena."

"Maminibasi a ku Nkhoma amadutsa pamsewu apa. Ine ndipita nawo amayi. Inu pitani m'tauni mukagule zitsulozo, mutipeze madzulo ndi katundu."

ANambewe anaseka kaphwete kouma.

"Ine minibasi? Andipanikize ndi matumba a kabichi, kondakitala azindikoka ngati mbuzi? Ndipo pokwera andigwira ndani?"

"Ine, amayi."

Chiyambire kudwala maso, aNambewe sanalolepo kuti Martina awatsogolere. Akafuna kutuluka ankaitana Esau, kapena mdzukulu wawo Memory, ndipo onse akachokapo ankalolera kukhala m'nyumba tsiku lonse. Sanayambanepo ndi mpongozi wawoyo. Ankangoti pamudzi wa eni munthu usamalemetse dzanja la mwini mudzi.

"Inu mayi a Memory," anatero potsiriza, "za manatizi munkadziwadi?"

"Ndinkadziwa, amayi."

"Ndipo munakwera nafe, n'kukhala kumbuyo, pamwamba pa tayala lomwelo?"

"Ndinakhala pomwepo."

"Hmm. Ndiye si nkhanza. Ndi kupusa chabe, kofanana ndi kwa mwana wangayu."

Jeremiya anatembenukira kumbali kuti asaoneke akuseka. Esau anagwada patsogolo pa mayi ake.

"Amayi, Ambuye sanatseke. Atseka ndi alamu anga. Musawaimbe Ambuye mlandu wa njerwa."

Chigayo chinkalirabe. Mayi wina wogulitsa nthochi anaima pafupi kuti amve, kenaka anapitirira. Mphamvu zoti Esau anyengerere nazo zinali zitathera mu hamala.

"Pitalayo," anatero aNambewe mwadzidzidzi, "ndi wamtali kapena wamfupi?"

"Wamfupi, amayi," anayankha Martina. "Wonenepa pang'ono."

"Mawu ake ndimawamva m'mawa uliwonse pakhomo, akupempha makiyi ngati akupempha moto. Nkhope yake sindiidziwa. Ndinafika pamudzi panu maso atatha kale." Anapapasa ndodo yawo pansi pa benchi. "Ndikufuna ndidzamuone. Ndidzakhale pakhonde, iye akubwera, ndidzaone ngati munthu ameneyu ali ndi pokhala manyazi."

Anaimirira okha, natambasula dzanja, osati kumene kunali Esau, koma kumene kunachokera mawu a Martina.

"Tiyeni. Koma mukandigwetsa m'ngalande, ndikanena kwa abusa."

Martina anapereka malaya kwa mwamuna wake, natenga chitenje chimodzi, bulangete ndi kabuku ka kuchipatala, nagwira dzanja lija. Esau anawaperekeza mpaka pamsewu waukulu. Minibasi yoyamba inali yodzaza. Yachiwiri inaima, ndipo kondakitala ataona mpango woyera ndi maso aja, anatsitsa mnyamata wa pampando wakutsogolo. Martina anaika phazi la apongozi ake pa chitsulo chokwerera, nawauza kuti aweramitse mutu. Anakwera. Chitseko chinatsekedwa ndi chingwe, ndipo minibasi inalowera kummwera.

Esau anabwerera pansi pa mango. Anachotsa dilamu la mabuleki, chitsulo chozungulira chimene masitadi amatulukirapo, ndipo ndi hamala yomwe ija anagogoda masitadi akale imodziimodzi mpaka anagwera kumbuyo. Anasankha imene inali yosapindika, naikulunga m'pepala, naika m'thumba. Anasamba m'manja ndi sopo wa Jeremiya, koma oyilo sanachoke. Anavala malaya a kutchalitchi pathupi la thukuta, nawoloka msewu kukadikira minibasi yopita ku Lilongwe.

M'tauni anayenda mashopu angapo. Kwina anamuonetsa zazifupi, kwina anamuuza kuti abwere mawa. Anazipeza kwa mayi wina wa kashopu kakang'ono, amene anaika sitadi yakale pambali pa yatsopano, nayesa nati ndi zala zake, asanamupatse. M'minibasi yobwerera Esau anagona tulo, mutu uli pa thumba la munthu wina, ndipo akanapitirira Nathenje kondakitala akanapanda kumugwedeza.

Dzuwa linali litafiira pamene anayamba kulowetsa masitadi atsopano. Jeremiya ankalowetsa iliyonse kuchokera kumbuyo, n'kuikokera m'malo mwake pomanga nati pang'onopang'ono mpaka mutu wake utakhala bwino. Atabwezera dilamu, anakoloweka sipeya. Manati atsopano anayenda ndi zala zokha, osalira, osakakamira.

"Pomanga uzidumpha," anatero Jeremiya. "Iyi, kenaka ya kutsidya, kenaka ubwerere. Ndipo ndi manja okha. Ndikadzamva kuti wakwerapo ndi mapazi, kapena wabwereketsa kwa munthu wa paipi, usadzabwerenso pa mango pano."

"Nanga akadzapempha?"

"Umenewo si mlandu wa makaniko."

Atatsitsa jeki, foni inalira. Anali Martina. Kumbuyo kwake kunkamveka mawu a anthu ambiri ndi kugundana kwa mbale zodyera.

"Atilandira," anatero. "Tinafika anthu atatsala ochepa, koma atilemba. Amayi apatsidwa bedi. Akuti mawa m'mawa."

"Akuopa?"

"Akuopa. Agwira chitenje changa chifikireni, ngakhale pano sanachisiye. Dikirani, akufuna alankhule."

Panamveka kukhwekhwereza, kenaka mawu a mayi ake, aang'ono ndi otopa.

"Esau, wadya?"

"Ayi, amayi."

"Idya kaye. Ndipo usathamange. Ife tafika kale."

Foni itaduka, Esau anakhala pansi, natsamira tayala limene anali atangomanga. Jeremiya sanamufulumize. Anapita kumsika, nabwera ndi chinangwa chophika m'pepala, ndipo amuna awiriwo anadya manja ali akuda, mpaka mphamvu zinabwerera zokwanira kuyendetsa galimoto kukafika kuphiri.

Inunso owerenga, amene mwina lero mwamenya hamala tsiku lonse pa cholakwa cha munthu wina, Ambuye akupatseni mpumulo. Akusungeni potuluka ndi polowa, akutumizireni wokuletsani pamene kutopa kwakusankhirani njira, ndipo onse amene mwawanyamula akafike amoyo. Mtendere wake ukhale pa nyumba zanu. Ameni.